Wilo ya Mwini Sitolo ku England m'Nthawi ya Mfumukazi Victoria

M'zaka zimene Mfumukazi Victoria ankalamulira Britain, kuyambira 1837 mpaka 1901, m'matauni a ku England munali gulu lalikulu la anthu amene sanali olemera ngati eni minda ikuluikulu, komanso sanali amphawi ongodikira malipiro a pa sabata. Awa anali eni masitolo ndi amisiri odziimira paokha, monga ogulitsa nsalu, ophika buledi, ogulitsa nyama, osoka nsapato, matelala, akalipentala ndi osula zitsulo. Munthu wotere kawirikawiri ankagona m'nyumba yomweyo imene munali sitolo yake, malonda pansi, banja m'zipinda zam'mwamba. Mkazi ankathandiza kugulitsa ndi kulemba mabuku a ndalama, ana ankatumidwa kukasiya katundu kwa makasitomala, ndipo pakhomopo pankakhalanso mnyamata wophunzira ntchito. Motero mwini sitolo akamwalira, banja lonse linkagwedezeka pa zinthu zitatu nthawi imodzi: pogona, ntchito ndi chakudya. Boma silinkapereka penshoni kwa akazi amasiye, ndipo banja limene lasowa pogwira linkakathera ku nyumba zosungirako amphawi zotchedwa workhouse, kumene anthu ankakuopa kwambiri. Wilo ya munthu wotere imamveka bwino ikawerengedwa ndi mantha amenewa m'maganizo. Nkhawa yaikulu ya wolembayo inali yakuti khomo lake lisapasuke iye atapita.

Chuma chimene ankasiya

Chuma cha mwini sitolo sichinkakhala ndalama zambiri zosungidwa kubanki. Gawo lalikulu linali katundu wa m'sitolo, zipangizo zogwirira ntchito, mipando ndi ziwiya za m'nyumba, ndi ngongole zimene makasitomala anali asanabweze, poti malonda ambiri ankayenda pa ngongole yolembedwa m'buku. Nayenso mwini sitoloyo ankakhala ndi ngongole kwa amene ankamuodetsa katundu. Amene malonda awayendera bwino ankakonda kugula kapena kumanga tinyumba tochititsa lendi, kuti akadzakalamba azidzadya ndalama za lendizo. Ena ankabwereketsa ndalama kwa anzawo pogwira nyumba ngati chikole, ena ankagula masheya a makampani a njanji, ena ankakongoza boma pa chiwongoladzanja cha mapaundi atatu pa 100 aliwonse pachaka.

Malamulo a ku England ankagawa chumachi m'magulu awiri, ndipo kugawa kumeneku ndiko kunkabweretsa mavuto ambiri. Gulu loyamba linali malo ndi nyumba zimene munthu anali mwini wake kotheratu. Gulu lachiwiri linali zina zonse: ndalama, katundu, masheya, ngongole, ngakhalenso nyumba imene munthu anaitenga pa mgwirizano wa zaka zowerengeka, kaya zakazo zikhale 99. Nyumba ziwiri zoyandikana mumsewu umodzi zinkatha kutsata malamulo osiyana chifukwa cha mapepala ake okha.

Akamwalira wopanda wilo

Anthu ambiri a nthawi imeneyo ankamwalira osalemba wilo, makamaka chifukwa analibe chosiya. Koma kwa munthu wokhala ndi nyumba zakezake, kufa wopanda wilo kunali kusiyira banja mkangano. Malo ndi nyumba za gulu loyamba lija zinkapita zonse kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Ang'ono ake ndi alongo ake sankalandirapo kanthu. Ana aakazi ankagawana mofanana pokhapokha ngati panalibe mwana wamwamuna. Mkazi wamasiye ankangodyako gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu la malowo pa moyo wake, ndipo lamulo la 1833 linapatsa amuna mphamvu yochotsa ngakhale ufulu umenewu ngati afuna.

Chuma cha gulu lachiwiri chinkatsata lamulo lakale la 1670. Pakakhala ana, mkazi ankatenga gawo limodzi mwa atatu, ndipo ana onse, aamuna ndi aakazi, ankagawana zotsalazo mofanana. Pakakhala kuti banjalo linalibe mwana, mkazi ankatenga theka lokha, theka linalo n'kupita kwa abale a mwamuna. Apa mpamene panali nkhanza yoonekeratu. Mayi amene anagwira ntchito m'sitolo zaka makumi atatu ankatha kukakamizika kugulitsa sitoloyo kuti apatse alamu ake theka lawo. Nyumba ya Malamulo inachepetsako vutoli mu 1890, pamene inalamula kuti mkazi wamasiye wopanda ana ayambe watenga mapaundi 500 zinthu zisanagawidwe. Lamulo lokondera mwana woyamba linakhalapobe mpaka linathetsedwa ndi lamulo la 1925.

Dongosolo lokondera mwana mmodzi linapangidwira mabanja a eni minda ikuluikulu, amene ankafuna kuti malo a makolo asaduke zidutswa. Kwa wogulitsa nsalu wokhala ndi ana asanu ndi tinyumba tinayi, dongosololi linalibe nzeru. Olemba mbiri amene anafufuza mawilo a m'matauni a mafakitale, monga R. J. Morris amene anafufuza a ku Leeds, anapeza kuti anthu a malonda ankakonda kugawira ana awo mofanana. Wilo inali njira yawo yothawira lamulo la anthu olemera.

Kalembedwe ka wilo

Chaka chimene Victoria analowa ufumu ndi chaka chomwenso Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mawilo lotchedwa Wills Act 1837. Lisanabwere, malamulo ake anali osokonekera, poti wilo yogawa malo inkafuna mboni zitatu pamene yogawa katundu inkatha kuvomerezeka popanda mboni. Lamulo latsopanoli linaika njira imodzi. Wilo inayenera kulembedwa, mwini wake n'kusaina kumapeto pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, kenako mbonizo n'kusainanso iye akuona. Wolemba wilo anayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo. Wosadziwa kulemba ankaloledwa kuika chizindikiro.

Panali misampha iwiri imene inkakola anthu olemba okha popanda loya. Woyamba unali wakuti mboni, kapena mkazi kapena mwamuna wa mboniyo, sankaloledwa kulandira kanthu m'wiloyo. Wophika buledi amene waitana mwana wake kuti asaine ngati mboni ankakhala kuti wamulanda mwanayo gawo lake mosadziwa. Wachiwiri unali wakuti ukwati unkafafaniza wilo iliyonse yolembedwa kale. Popeza akazi ambiri ankamwalira pobereka ndipo amuna ankakwatiranso, panali amuna amene ankapita kumanda akuganiza kuti anakonza zonse, chikhalirecho wilo yawo inafa tsiku la ukwati wachiwiri.

Kupatula zimenezi, mwamuna wa ku England anali ndi ufulu wonse wopereka chuma chake kwa aliyense. Ankatha kumana mkazi ndi ana n'kupereka zonse kwa mlendo, khoti osalowererapo. Ku Scotland zinali zosiyana, poti kumeneko mkazi ndi ana anali ndi gawo lawo limene wilo sinkatha kuwalanda. Ku England makhoti anapatsidwa mphamvu yothandiza banja lomanidwa mu 1938. Komabe amuna omana mabanja awo anali ochepa. Chimene lamulo silinkakamiza, mwambo, chipembedzo ndi maso a anthu a mumsewu zinkakakamiza.

Mkazi wamasiye

Wilo yodziwika ya mwini sitolo inkayamba ndi kulamula kuti ngongole zonse ndi zolipira pa maliro ziperekedwe. Kenako inkafika kwa mkazi. Mwamuna wa chuma chochepa, kapena wopanda ana, kawirikawiri ankangopereka zonse kwa mkaziyo. Koma chuma chikakhala chokulirapo ndipo pali ana, njira yofala inali ina. Mkazi ankapatsidwa katundu wa m'nyumba ndi ndalama pang'ono zoyambira, pamene chuma chenicheni chinkaikidwa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu okhulupirika kuti achisunge. Anthuwa ankatolera lendi ndi chiwongoladzanja n'kumapatsa mayiyo pa moyo wake wonse, kuti adzisamalire ndi kulera ana. Mayiyo ankadya zipatso, mtengo osaukhudza. Akamwalira, chumacho chinkagawidwa kwa ana.

Mawilo ambiri ankawonjezera mawu akuti thandizoli lidzatha kapena kuchepa mayiyo akadzakwatiwanso. Masiku ano izi zimamveka ngati nsanje ya munthu amene ali kale m'manda, ndipo mwa amuna ena nsanjeyo iyenera kuti inalipo. Koma chifukwa chachikulu chinali lamulo lenilenilo. Pa nthawiyo mkazi akakwatiwa, ndalama zake ndi katundu wake zinkasanduka za mwamuna wake. Sitolo yosiyidwa m'manja mwa mkazi wamasiye inkakhala ya mwamuna wachiwiri tsiku la ukwati, ndipo ngati mwamunayo anali ndi ngongole kapena anali chidakwa, ana a malemu ankatsala manja ali m'khosi. Bambo woganiza bwino ankateteza ana ake, koma mtengo wake unkalipiridwa ndi mayi, amene ankayenera kusankha pakati pa banja latsopano ndi chakudya chake.

Funso lovuta kwambiri linali la sitoloyo. Ena ankalamula kuti igulitsidwe msanga ndipo ndalamazo ziikidwe pamalo otetezeka, poona kuti malonda opanda mwini wake amagwa mosavuta. Ena ankalola mkazi kupitiriza malondawo mpaka mwana wamkulu atakwanitsa zaka 21, ndipo mabuku a mayina a amalonda a m'matauni a nthawiyo ali ndi akazi amasiye ambiri oyendetsa masitolo, malo omwera mowa ngakhalenso mashopu a amisiri. Mwana amene watenga sitolo sankaitenga ulere nthawi zonse. Mawilo ambiri ankati katunduyo awerengedwe mtengo, ndipo mwanayo augule kapena mtengowo uchotsedwe pa gawo lake, kuti abale ake asadandaule.

Ana aamuna ndi ana aakazi

Kugawa mofanana kunkafuna masamu. Bambo amene analipirira mwana wina maphunziro a ntchito, kapena kumupatsa mpamba woyambira malonda, kapena kupatsa mwana wamkazi ndalama pa ukwati wake, ankalemba zimenezi m'buku, ndipo wilo inkati ziwerengedwe ngati gawo limene mwanayo analandiriratu. Mwana amene anamwalira bambo ake asanafe, gawo lake linkalembedwa kuti lipite kwa ana ake.

Ngakhale magawo ankafanana kukula, kalandiridwe kake kankasiyana. Mwana wamwamuna ankalandira ndalama m'manja kuti achitire malonda. Gawo la mwana wamkazi nthawi zambiri linkatsala kwa osunga chuma aja, iye n'kumalandira phindu lokha, ndipo wilo inkanena momveka kuti ndalamazo ndi zake yekha, mwamuna wake alibe nazo mphamvu ndipo sizingagwidwe pa ngongole za mwamunayo. Makhoti ankalemekeza mawu amenewa. Iyi inali njira yokhayo imene bambo akanatetezera mwana wake kwa mkamwini wosakaza, koma inkafuna loya, choncho ana aakazi a anthu osauka analibe chitetezo chotere. Malamulo a chuma cha akazi okwatiwa a 1870 ndi 1882 ndiwo anasintha zinthu. La 1882 linalola mkazi wokwatiwa kukhala ndi chuma chakechake ndi kuchigawa mu wilo yake.

Pambali pa zikuluzikuluzi, mawilo ankatchula tinthu ta pamtima: wotchi ya m'thumba kwa mwana wamkulu, Baibulo la banja lolembedwamo masiku obadwa, zipangizo za ntchito kwa mwana wa m'bale amene anaphunzira umisiriwo, mapaundi angapo kwa wantchito wokhalitsa ogulira zovala zakuda za maliro.

Abale ena ndi msonkho

Mwini sitolo wosakwatira kapena wopanda ana ankayang'ana kwa abale ndi alongo ake, ndi kwa ana awo. Apa wilo inkaonetsa poyera amene ankamusamala. Mlongo wosakwatiwa amene ankamuphikira, kapena mwana wa m'bale amene ankaima naye m'sitolo, ankalandira zochuluka kuposa abale okhala kutali.

Boma nalo linali ndi muyeso wake wa chibale, ndipo muyesowo unkaoneka pa msonkho wa chuma cha masiye. Mkazi wa malemu sankalipira. Ana ankalipira paundi imodzi pa mapaundi 100 aliwonse, abale ndi alongo pamodzi ndi ana awo mapaundi atatu, abale a bambo kapena a mayi a malemu pamodzi ndi ana awo mapaundi asanu, ndipo munthu wopanda chibale mapaundi khumi. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankawerengedwa ngati mlendo. Ankalipira mapaundi khumi, sankalandira kanthu bambo ake akafa opanda wilo, ndipo wilo ikangoti chuma chipite kwa ana, khoti linkamva kuti akunena ana a mu ukwati okha. Bambo wofuna kumuthandiza anayenera kumutchula dzina. Mu 1853 nduna ya zachuma William Gladstone anafikitsa msonkho wotere pa malo ndi nyumba, ndipo mu 1894 nduna ina ya zachuma William Harcourt anabweretsa msonkho umene unkakwera malinga ndi kukula kwa chuma chonse.

Oyendetsa chuma ndi makhoti

Wilo inkatchula anthu oti adzayendetse chumacho, kawirikawiri mkazi wamasiye pamodzi ndi m'bale, mlamu kapena mnzake wa malemu wa malonda kapena wa kutchalitchi. Ntchito yawo inali yolemetsa ndipo sankalipidwa pokhapokha wilo itanena. Anayenera kutolera ngongole kwa makasitomala, kubweza za malemu, kulipira msonkho, ndi kuyang'anira chumacho mwina kwa zaka makumi awiri mpaka mwana wotsiriza atakula. Akapitiriza malonda a malemu, ngongole zatsopano zinkawagwera iwo eni. Akaika ndalama pamalo amene wilo sinalole n'kuluza, ankabweza za m'thumba mwawo. Ena ankaba ndithu, ndipo mu 1857 panakhazikitsidwa lamulo lolanga osunga chuma achinyengo.

Mpaka kumayambiriro kwa 1858, mawilo ankatsimikizidwa m'makhoti a tchalitchi cha England, amene anali ambirimbiri. Munthu wokhala ndi katundu wa mapaundi asanu kapena kuposerapo m'madayosizi awiri, nkhani yake inkapita ku khoti la Akibishopu wa Canterbury, limene linkakhala ku Doctors' Commons pafupi ndi tchalitchi cha St Paul's mu London, kapena la Akibishopu wa York. Kuyambira Januwale 1858 ntchitoyi inapita ku khoti la boma, lokhala ndi ofesi yaikulu ku London ndi maofesi ena m'zigawo. Wilo yotsimikizidwa inkakhala ya poyera, ndipo aliyense ankatha kuiwerenga atalipira sheleni imodzi. Chaka chilichonse pankasindikizidwa kaundula wa omwalira, wotchula ntchito yawo, kumene ankakhala, oyendetsa chuma ndi mtengo wa zimene anasiya. Owerenga kaundulayu ayenera kukumbukira kuti chisanafike chaka cha 1898 mtengowo sunkaphatikiza malo ndi nyumba za gulu loyamba lija, choncho munthu wooneka wosauka pa pepala akhoza kukhala kuti anali ndi nyumba zingapo.

Mkangano wa matanthauzo a wilo unkapita ku khoti la Chancery, lotchuka ndi kuchedwa ndi kudula. Charles Dickens analidzudzula m'buku lake la Bleak House la 1853, mmene mlandu wa chuma cha masiye unatha pamene ndalama zonse zinathera kulipira maloya. Kwa banja la chuma chochepa, kupita kumeneko kunali kudziwotcha.

Nyumba khumi ndi zisanu za ku Keswick

Mlandu wotchuka kwambiri wa mawilo a nthawi imeneyi unachokera kwa munthu wa chuma cha mlingo womwewu. John Banks anali ndi tinyumba 15 m'tauni ya Keswick, m'chigawo cha Cumberland kumpoto kwa England, timene tinkamubweretsera mapaundi pafupifupi 80 pachaka. Anali wodwala maganizo. Mu 1841 anagonekedwa ku chipatala cha amisala, ndipo atatuluka anapitiriza kukhulupirira kuti mizimu yoipa ikumulondola, komanso kuti munthu wina dzina lake Featherstone Alexander akumuzunza, ngakhale munthuyo anali atamwalira kale. Komabe pa nkhani ya ndalama anali wosamala, ndipo ankawerengera lendi yake bwinobwino ndi amene ankamutolerera.

Mu 1838 Banks analemba wilo yopereka chuma kwa mlongo wake. Mlongoyo atamwalira, mu Disembala 1863 anaitanitsa loya n'kulemba wilo ina yopereka zonse kwa mwana wa mlongo wakeyo, Margaret Goodfellow, amene ankakhala naye. Banks anamwalira mu 1865. Margaret naye anamwalira mu 1867 ali wamng'ono, wosakwatiwa, ndipo mwa lamulo nyumbazo zinapita kwa mlongo wake wa bambo mmodzi mayi osiyana, munthu amene analibe chibale cha magazi ndi Banks. Zitatero mwana wa m'bale wake wa Banks, amene akanatenga nyumba zonse pakanapanda wilo, anakasuma ponena kuti malemuyo anali wamisala ndipo wilo yake inali yopanda mphamvu.

Mlanduwo, wotchedwa Banks v Goodfellow, unagamulidwa mu 1870 ku khoti la Queen's Bench, ndipo chigamulo anachipereka ndi mkulu wa oweruza Sir Alexander Cockburn. Khoti linati wiloyo ndi yovomerezeka. Linafotokoza kuti wolemba wilo ayenera kumvetsa chimene akuchita ndi zotsatira zake, kudziwa kukula kwa chuma chimene akugawa, kuzindikira anthu amene ayenera kuwaganizira, ndipo matenda a maganizo asakhale ndiwo amupangitsa kugawa mmene wagawiramo. Zimene Banks ankaona m'maganizo mwake sizinkakhudza abale ake kapena nyumba zake, ndipo kupereka chuma kwa mwana amene ankamusamala kunali kwanzeru. Chigamulochi chinali chachifundo pa nthawi imene anthu ambiri ankaganiza kuti wodwala maganizo pa chinthu chimodzi ndi wodwala pa zonse.

Nkhaniyi ikuonetsanso chifukwa chake maloya ankalimbikira kulemba zoti zidzachitike wolandira chuma akadzamwalira msanga wopanda ana. Banks anapereka nyumba zake kwa Margaret kotheratu, osatchula wina pambuyo pake, ndipo patangotha zaka ziwiri iye atamwalira chuma chonse chinatuluka m'banja lake.

Zambiri mwa zimene zinkavutitsa mwini sitolo wa nthawi ya Victoria zinathetsedwa ndi malamulo a pambuyo pake, koma zinthu ziwiri zinatsala. Wills Act 1837, ngakhale inasinthidwa m'malo ena, ikugwirabe ntchito ku England ndi Wales, ndipo muyeso wa mlandu wa Banks umatchulidwabe m'makhoti a mayiko ambiri amene anatengera malamulo a ku England. Ku Malawi, lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967 ndipo limaletsa kulanda chuma cha masiye, limafunanso kuti wilo ilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri.